Asanakwere basi ya ku Joni, khalani naye pansi m'bale wanu



Lowani m'kalasi iliyonse kuno ku chigwa cha Shire, mufunse kuti ndani ali ndi m'bale kunja kwa dziko lino. Manja adzakwera ambiri. Ena achimwene awo ali ku Joni, ku Durban kapena ku Cape Town. Ena achemwali awo anangowoloka pa Marka kupita ku Beira. Ochepa ali ndi m'bale amene anapeza mwayi wa maphunziro a chipembedzo ku Madina kapena ku Al-Azhar mumzinda wa Cairo. Sindikulemba kuti ndiletse munthu kupita. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda ndi nyumba kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, kenako mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mnyamata akanena kuti akufuna akayesere kwina, palibe angadabwe.

Nkhani yanga ikukhudza masabata atatu kapena anayi omaliza munthu asananyamuke. Ndikuona kuti masiku amenewa timawawononga, ndipo amene amataya kwambiri ndi abale a m'mimba imodzi, makamaka ang'onoang'ono amene akadali pasukulu.

Taonani mmene masikuwa amathera m'makomo ambiri. Woyendayo amakhalira kukwera ndi kutsika phiri la Thabwa kulondola pasipoti ku Blantyre. Mbuzi zimagulitsidwa, ngongole ya tikiti imatengedwa, makwacha amasinthidwa kukhala marandi. Madzulo banja likakhala pabwalo, nkhani imakhala imodzi: ukafika utumize foni, usaiwale malata, fizi ya mng'ono wako ili m'manja mwako. Munthu asanakwere n'komwe basi, tamusandutsa kale nambala yolandirira ndalama pa Mukuru. Mwana wa sukulu akati ayandikire, amauzidwa kuti achoke, izi ndi za akuluakulu, akawerenge.

M'mabanja ena tsiku la ulendo limabisidwa poopa nsanje ndi ufiti, mpaka mwana wa m'nyumba momwemo amangodzuka n'kupeza mphasa ya mkulu wake yapindidwa. Kusalengeza ulendo pamudzi ponse ndi nzeru, ndipo palibe wotsutsa. Koma kubisira mwana amene wakula akudyera mbale imodzi ndi woyendayo ndi kumulanda chinthu chimene simudzatha kumubwezera. Ife Asilamu timakhulupirira kuti wosunga munthu pa ulendo ndi Allah. Ngati tikukhulupiriradi zimenezi, mantha asatichititse kumana ana athu mwayi wotsanzikana.

Mbiri ya dziko lino ikutiphunzitsa kuti ulendo wa "chaka chimodzi chokha" sukhala wa chaka chimodzi kawirikawiri. Malo okwerera basi a Wenela ku Blantyre anatenga dzina ku bungwe limene linkalemba agogo athu ntchito ya m'migodi ya ku South Africa. Ambiri ankabwerako ndi njinga ndi wailesi, koma ena sanabwerenso, ndipo chinenero chathu chinawapezera dzina loti machona. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene anali pa ulendo wobwerera kwawo, ndipo boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaimitsa kulemba anthu ntchitoyo. M'masiku athu ano taona ziwawa zothamangitsa alendo ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015, pamene boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, pali chinthu china chimene sitikonda kuchinena poyera. Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 popanda viza. Ambiri amapitirira masikuwo. Akatero amakhala ngati omangika, chifukwa akangotuluka pa chipata amatha kuletsedwa kulowanso kwa chaka kapena zaka zingapo. Choncho Eid imadutsa, nikah ya mlongo wake imadutsa, iye ali komweko. Ndiponso ife timaika maliro msanga, nthawi zambiri tsiku lomwelo kapena mawa lake, pamene basi yochokera ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza imatenga pafupifupi masiku awiri. Wopita ku Joni ayenera kudziwa kuti mwina sadzaima nawo pa janaza ya anthu ena amene akuwasiya lero ali moyo. Sindikulodza munthu, ndikungowerengera mtunda. Nanga bwanji tizitenga masiku omalizawa ngati masiku wamba?

Mbiri ya Maswahaba ili ndi nkhani imene ophunzira ayenera kuilingalira. Ja'far bin Abi Talib (RA) anasamukira ku Habasha, kumene lero ndi ku Ethiopia, cha m'ma 615, pothawa mazunzo a ku Makka. Mng'ono wake Ali (RA) anali mnyamata wa zaka pafupifupi 15, msinkhu wa mwana wa Fomu 2. Ja'far anakafika ku Madina mu 628, patatha zaka zoposa khumi. M'kati mwa zaka zimenezo bambo awo Abu Talib anamwalira, Asilamu anasamuka ku Makka kupita ku Madina, Ali anakwatira Fatima (RA), ndipo Hasan ndi Husayn anabadwa. Zonsezi zinachitika Ja'far kulibe. Atabwerako anakhala ndi abale ake chaka chimodzi ndi miyezi yochepa basi, n'kuphedwa pa nkhondo ya Mu'tah mu 629. Awa anali anthu okondedwa ndi Mtumiki Muhammad (SAW), komabe nthawi yokhalira limodzi inawachepera. Ife tili ndi lonjezo lanji loti yathu idzachuluka?

Kumbukiraninso kuti Mneneri Musa (AS) atatumidwa kwa Firauni, monga tikuwerenga mu Surat Taha, anapempha Allah kuti amupatse m'bale wake Haruna (AS) akhale womuthandiza. Pa anthu onse anasankha m'bale wake. Kulumikiza chibale ndi lamulo m'chipembedzo chathu, ndipo chibale chimene chidzapirire mtunda wa ku Joni chimamangidwa munthu akadali pakhomo.

Wina anena kuti masiku ano kuli WhatsApp, tizidzalankhulana tsiku lililonse. Zoona, foni yachepetsa mtunda, ndipo tikuthokoza Allah. Koma funsani amene ali ndi abale kumeneko. Miyezi yoyamba mauthenga amachuluka. Kenako woyendayo amayamba kugwira ntchito m'shopu kuyambira m'mamawa mpaka usiku, bandulo kuno imatha, magetsi otchajira foni amasowa, ndipo kuimbirana kumatsala kwa pa mapeto a mwezi, nkhani yake ndalama. Komanso wa kunja sanena mavuto ake pafoni poopa kudandaulitsa mayi, ndipo wa kuno sanena ake poopa kuoneka wopempha. Foni imasunga chibale chimene chinalipo kale. Ngati simunkacheza muli nyumba imodzi, simudzayamba kucheza pa bandulo.

Wina anenanso kuti mwana ali ndi mayeso a JCE kapena a MSCE, asataye nthawi. Monga munthu wa sukulu, mawu amenewa ndimawalemekeza. Koma ola limodzi madzulo kwa masabata atatu silingalepheretse mwana amene wakhala akuwerenga chaka chonse. Chimene chimasokoneza mwana ndi kukhala m'kalasi mtima uli pa msewu wa M1, akudzifunsa chifukwa chimene achimwene ake apitira osamutsanzika. Mwana amene watsanzikana bwino ndi m'bale wake amabwerera ku mabuku mtima uli m'malo.

Tsono masikuwa muchite nawo chiyani? Safuna phwando, safuna ndalama. Pitani limodzi ku dimba. Kwerani njinga imodzi kupita ku msika wa ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula. Dzutsanani pa Swala ya Fajr, muyende limodzi kupita ku mzikiti kusanatenthe. Atsikana, phikani limodzi ndi achemwali anu nsima ndi mlamba, chakudya chimene akachilakelake kumeneko. Anyamata, musachite manyazi kukhala pakhonde ndi mlongo wanu n'kucheza naye. Ndi mlongo wanu, ndipo mwina mudzaonananso ali ndi ana awiri amene sakukudziwani.

Pamene mukucheza, funsani. Mkulu wanu akudziwa zinthu zimene zipite naye mukapanda kufunsa: pamene pathera malire a munda, amene anabwereka khasu ndi mpope wothirira, mmene amakonzera njinga, mankhwala amene mayi amamwa ndi tsiku lowaperekeza ku chipatala, njira imene banja limadzera ndi malo amene limathawira madzi akasefukira. Kuno ku chigwa funso lomalizali si lamasewera. Ntchito zimene iye ankagwira zigwera inu, choncho ndi bwino akuonetseni ndi manja ake m'malo modzakulongosolerani pafoni madzi ali kale pakhomo.

Khululukiranani. Palibe abale amene sanayambanepo, kaya pa foni yobwerekana, pa malaya, kapena pa mawu olankhulidwa mokwiya. Chipembedzo chathu sichilola Msilamu kunyanyala m'bale wake kupitirira masiku atatu. Mkwiyo umene wakwera nawo basi umakula ndi mtunda, ndipo madzi akatayika saoleka. Wamng'ono asadikire kuti ayambe ndi wamkulu. Mawu akuti "Achimwene, pamene ndinakulakwirani mundikhululukire" satenga ngakhale mphindi imodzi.

Nkhani za ndalama nazo zikambidwe poyera. Ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikutilangiza kulemba ngongole ndi kukhala ndi mboni. Ngati tikiti yagulidwa ndi mbuzi za achemwali kapena ndi ndalama ya thonje ya bambo, zilembedwe. Ngati woyendayo akulonjeza fizi, anene zimene angathedi, ndipo banja limupatse miyezi yoti akhazikike kaye. Mabanja ambiri amadana chifukwa cha malonjezo a pabwalo amene aliyense anawamva mosiyana.

Pali ntchito ina imene inu ophunzira mungaigwire kuposa wina aliyense. M'makomo ambiri, mwana wa sekondale ndiye amawerenga bwino Chingerezi. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anakopedwa kupita ku Oman powalonjeza ntchito zabwino, koma atafika analandidwa mapasipoti n'kumazunzidwa m'nyumba za mabwana awo. Dziko kukhala la Asilamu sizitanthauza kuti aliyense wolemba anthu ntchito kumeneko amaopa Allah. Choncho khalani pansi ndi m'bale wanu, muwerenge limodzi pepala la mgwirizano wa ntchito ngati lilipo. Ntchito yake ndi yotani? Malipiro ndi angati? Pasipoti azisunga ndani? Jambulani tsamba la pasipoti, lembani m'kope dzina ndi nambala ya amene akumutenga, malo amene akukafikira, ndi nambala ya munthu wina wakwathu amene ali kumeneko. Ngati womutengayo akukana kuyankha mafunso otere, uzani makolo ndi Shehe msanga. Nthawi zambiri munthu amaululira mng'ono wake zimene akubisira makolo, koma amaulula pokhapokha mwakhala naye.

Ndili ndi mapempho atatu. Kwa makolo: auzeni ana tsiku la ulendo, ndipo madzulo amodzi pa sabata nkhani ya ndalama ikhale yoletsedwa pabwalo. Kwa akuluakulu a sukulu: mwana akabwera ndi kalata ya kholo yopempha tsiku limodzi kuti akaperekeze m'bale wake ku siteji, timulole monga timalolera za maliro. Si bwino kuti tizipereka chilolezo chokatsanzika akufa okha, cha amoyo ayi. Kwa komiti ya mzikiti: banja likafuna, Shehe akhale ndi woyendayo pamodzi ndi abale ake, kaya pambuyo pa Jumu'ah kapena kunyumba mwakachetechete. Amupangire dua, amukumbutse malamulo a Swala ya pa ulendo, monga kufupikitsa ya maraka anayi kukhala awiri, ndipo amulangize kuti akangofika afunefune mzikiti. Komiti ingathenso kusunga kaundula wa anthu athu amene ali kunja ndi mizinda imene akukhala, kuti wopita kumene akhale ndi pofikira ndiponso kuti uthenga wa mavuto uzipeza njira.

Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Ndi zoona, koma fupa limene silinalimbe pa ubwana limathyoka msanga. Ngati m'nyumba mwanu muli chikwama chimene chayamba kulongedzedwa, musadikire tsiku la basi. Madzulo ano, mukachoka ku Maghrib, ikani foni pansi, mutenge mpando, mukakhale pafupi ndi m'bale wanu.

Allah awasunge amene ali pa ulendo, alimbitse mitima ya otsala, ndipo atikumanitsenso mu zabwino. Ameen.