Funsani Kaye: Mwadziwa Bwanji?

Mu Januwale 2016, mphenzi inapha mtsikana wina m'boma la Neno. Pasanapite nthawi, anthu okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenziyo. Mudzi womwe unayenera kulira maliro amodzi unalira maliro asanu.

Ine ndikuti chomwe chinapha agogo aja ndi ulesi wa kuganiza. Munthu akaona zinthu ziwiri zikutsatana amafulumira kunena kuti choyambacho ndicho chabala chachiwiri. Gogo anadandaula dzulo kuti sanapatsidwe ndiwo, lero mwana wadwala malungo, basi mlandu watha. Palibe wofunsa ngati mwanayo amagona m'masikito. Palibe wokumbukira ana ambirimbiri omwe anadwala popanda gogo wodandaula, kapena madandaulo a agogo omwe sanatsatidwe ndi matenda. Mphenzi nayo imakonda mitengo italiitali ndi malo apambalambanda m'nyengo ya dzinja, ndipo imagwanso m'maiko momwe mulibe wotchulidwa mfiti.

Ena amati kusanthula zinthu motere n'kwa anthu a ku Chancellor College, ife akumudzi sikutikhudza. Bodza limenelo! Makolo athu ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kodi ankaphunzitsa za nkhono? Ankatenga kanthu kakang'ono ka kudambo n'kutulutsamo mfundo yogwira ntchito pabwalo la milandu, m'banja ndi pamsika. Aliyense womva mwambi amatha kuchoka pa chinthu chooneka n'kufika pa mfundo yosaoneka. Luso tili nalo, koma timalisiya pakhomo tikamva mfuwu kunja.

Taonani za anamapopa. Mphekesera yoti kuli anthu opopa magazi inavuta m'chigawo cha kummwera mu 2002, ndipo inabukanso mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Anthu anaphedwa, misewu inatsekedwa, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Wina aliyense anamva kwa mnzake, mnzakeyo anamvanso kwa wina. Mwini nkhani, woti anaona ndi maso ake n'kupereka umboni wogwirika, sanapezeke. Amene anavutika ndi odwala ndi amayi oyembekezera, popeza azaumoyo ankaopa kulowa m'midzi.

Ndikudziwa kuti wofedwa safuna kuuzidwa za mitambo. Mtima wake umafunsa kuti, bwanji mwana wanga, osati wa uje? Funso limeneli n'lowawa ndipo tiyenera kulilemekeza. Koma kuwawa kwa funso sikusandutsa yankho lililonse kukhala loona. Ndipo taonani amene amalozedwa chala: kawirikawiri ndi wamasiye, wosauka, wopanda ana omuteteza. Simudzamva kuti mwini golosale wa ana asanu amphamvu wakokedwa pamaliro.

Lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma apolisi sangakhale pasiwa paliponse. Amene amakhalapo ndi inu ndi ine. Tsono mnzanu akabwera akuthamanga kuti auje ndiwo achita, musatole mwala. Mufunseni kuti wadziwa bwanji, anaona yekha kapena anamva, nanga akanakhala amayi ake akanakhutira ndi umboni womwewo? Khamu limadana ndi mafunso otere, ndipo mwina adzakunenani kuti mukuikira kumbuyo afiti. Funsanibe, pakuti nanunso imvi zikubwera.