Nkhani za mavuto zimalozanso komwe kuli msika

Kumayambiriro kwa chaka cha 2025, bwalo lalikulu la milandu litachotsa chiletso chomwe chinkateteza makampani opanga majumbo opyapyala, nkhani zambiri zidatsamira pa chilango chomwe ophwanya lamulo angakumane nacho. Koma kwa mayi wogulitsa tomato ku Limbe, usipa ku Mchesi kapena mandasi ku Zigwagwa, nkhawa idali pa chinthu china: katundu wa kasitomala aikidwa m'chiyani?

Funso lotere ndi chiyambi cha malonda. Telala wosoka zikwama zansalu, woluka madengu ndi womata timatumba tamapepala onse ali ndi yankho lake. Umu ndi momwe zimakhalira ndi nkhani zambiri zomwe zimadzadza masamba a nyuzipepala ndi mawailesi m'dziko muno. Nkhani ya kuthimathima kwa magetsi, kukwera mtengo kwa feteleza kapena kusowa kwa ndalama zakunja imatchula anthu omwe akusowa chinthu, malo omwe ali komanso zomwe akutaya pochisowa. Makampani akuluakulu amalipira ndalama kuti adziwe zimenezi, pomwe wowerenga nyuzipepala amazipeza tsiku ndi tsiku.

Komabe zomwe zachitika m'zaka khumi zapitazi zikuonetsa kuti mavuto amasiyana. Ena amabala msika wokhalitsa, ena amangonyengerera munthu kuti athire mpamba wake m'madzi.

Nkhani ya majumbo yomweyi ndi chenjezo loyamba. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 m'chaka cha 2015. Makampani adathamangira kukhoti ndipo lamulolo lidaima. Mu 2019 bwalo la Supreme lidagamula kuti chiletso cha boma n'chovomerezeka, koma pambuyo pake makampani ena adakatenganso ziletso zatsopano. Zaka zonsezo majumbo adapitirira kugulitsidwa pa mtengo wotsika, ndipo m'malo ena ankangoperekedwa ulere.

Munthu yemwe adamva za lamuloli mu 2015 n'kukatenga ngongole yogulira makina osokera zikwama adadikira pafupifupi zaka khumi kuti mpikisano wa jumbo uchepe. Katapila sadikira chigamulo cha khoti, ngakhalenso banki m'khonde imafuna ndalama zake mwezi ukatha. Choncho msika womwe wabadwa chifukwa cha lamulo umafuna kuyamba pang'ono, uku mwini wake akuonetsetsa ngati lamulolo likutsatidwadi m'misika. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phunziro ngati lomweli lidabweranso mu Malichi 2025, pomwe unduna wa zamalonda udaletsa kuitanitsa katundu wina kuchokera kunja pofuna kusunga ndalama zakunja ndi kuteteza opanga katundu m'dziko muno. Pa mndandandawo padali ufa, mpunga, mkaka, uchi, chiponde, mbatata ya kachewere, anyezi, machesi ndi mipando yamatabwa. Kwa mlimi wa kachewere ku Dedza ndi ku Ntcheu kapena wa mpunga ku Karonga, uwu udali uthenga woti malo atseguka m'masitolo akuluakulu. Koma mwezi wotsatira dziko la Tanzania lidabwezera potseka malire ake ku zokolola za ku Malawi, ndipo maiko awiriwa adachita kukambirana kuti malonda ayambirenso.

Izi zikutanthauza kuti khomo lotsegulidwa ndi cholembera cha nduna likhoza kutsekedwanso ndi cholembera china. Wopindula weniweni ndi yemwe amagwiritsa ntchito mpatawo kukonza zomwe zidzamusunge pa msika chiletso chikadzatha: chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, kapakiridwe kabwino ka katundu ndi kuthekera kopereka mulingo womwewo sabata iliyonse. Sitolo yaikulu siidalira mlimi yemwe amabwera ndi matumba makumi awiri mu Julayi n'kusowa mu Disembala. Apa m'pomwe makopaletivi amaposera munthu mmodzi.

Vuto la magetsi lili ndi chikhalidwe chosiyana. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya pafupifupi megawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Ometa, owotcherera zitsulo, eni zigayo ndi ogulitsa zakumwa zozizira adakhala maola ambiri manja ali m'khosi. Kapichira adakonzedwa mu 2023, koma gwero la vutolo lidatsala: magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi akachepa, akasefukira kapena akadzadza zinyalala, dziko lonse limamva. Pamwamba pa izo, anthu ochuluka, makamaka kumidzi, sadalumikizidwe n'komwe ku magetsi a Escom.

Limeneli ndi vuto lokhalitsa, ndipo omwe adaliwerenga motero adaikapo ndalama. Kampani ya JCM idatsegula malo opangira magetsi a dzuwa a megawati 60 ku Salima mu 2021, ndi ena a megawati 20 ku Golomoti m'boma la Dedza chaka chotsatira. Mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Kawale sangamange zoterozo, koma sola iliyonse yomwe yakwera padenga imafuna woilumikiza, woitsuka ndi wokonza ikafa. M'misika mwadzadza mabatire ndi mainiveta, ena abwino ena achinyengo, ndipo wogula wamba sadziwa kuwasiyanitsa. Luso lodziwa kuwerengera mphamvu yomwe nyumba kapena shopu ikufuna ndi malonda paokha. Ubwino wake ndi woti luso silifuna ndalama zakunja monga momwe amafunira katundu woitanitsa.

Mfundo ya ndalama zakunjayi ndi yofunika kwambiri. Banki yaikulu ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Aliyense yemwe yankho lake pa vuto la m'dziko muno limadalira katundu wa ku China, Dubai kapena South Africa adaona phindu lake likusungunuka usiku umodzi. Yankho lolimba ndi lomwe zipangizo zake zambiri zimapezeka konkuno.

Feteleza wa Mbeya ndi chitsanzo chake. Mtengo wa feteleza utakwera pa msika wa dziko lonse, makamaka nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu Febuluwale 2022, alimi ambiri adatembenukira ku njira yosakaniza feteleza wa m'sitolo pang'ono ndi gaga, phulusa ndi ndowe za ziweto, n'kuzisunga m'thumba lomanga bwino kwa masiku 21. Pa njira yomwe alangizi ambiri amaphunzitsa, thumba limodzi la makilogalamu 50 limabala matumba asanu. Thumba la Mbeya silifanana mphamvu ndi la m'sitolo, koma limabwezeretsa chonde m'nthaka ndipo mlimi amakwanitsa mtengo wake. Zotsatira zake n'zakuti ndowe za nkhuku, gaga wa pachigayo ndi phulusa, zomwe m'tauni zinkaoneka ngati zinyalala, zidapeza ogula.

Chitsanzochi chikuyankhanso funso lomwe ambiri amalilumpha: kodi wovutikayo ali ndi ndalama zolipira yankho? Nkhani ya kusowa kwa mankhwala m'chipatala cha boma kapena ya ana ophunzirira pansi pa mtengo ndi yoona komanso yowawa, koma okhudzidwawo nthawi zambiri alibe cholipira. Mavuto otere ndi udindo wa boma ndi makhonsolo, ndipo ntchito ya nzika pamenepo ndi kufunsa komwe misonkho ikupita. Kunena kuti vuto lililonse ndi mwayi wa bizinesi kumamasula akuluakulu pa udindo wawo, n'kusenzetsa katunduyo achinyamata opanda mpamba.

Palinso malire pakati pa kuthetsa vuto ndi kudyerapo. Mafuta agalimoto akasowa, mizere ikatalika m'malo omwetsera mafuta, mavenda a zigubu amatulukira m'mbali mwa misewu ndi mitengo yokwera. Shuga kapena simenti ikasowa, ena amabisa katundu kuti mtengo ukwere. Nawonso awerenga nkhani ndipo aona mpata, koma sawonjezera lita imodzi kapena thumba limodzi pa msika. Amangosamutsa ndalama kuchoka m'thumba la wovutika kupita m'thumba lawo. Kugulitsa mafuta popanda chilolezo cha bungwe la Mera n'kuphwanya lamulo, ndipo kusunga petulo m'nyumba kumaika miyoyo ya banja ndi anansi pachiswe. Geni yotere imatha tsiku lomwe mathanki afika. Wosoka zikwama, wokonza sola ndi wopanga manyowa amatsala ndi luso komanso makasitomala ngakhale zinthu zitabwerera m'chimake.

Kuwerenga nkhani ndi diso la malonda kumafuna kuleza mtima kotsatira nkhani imodzi kwa miyezi ingapo. Vuto lomwe latuluka kamodzi likhoza kukhala ngozi chabe. Lomwe limabwerera chaka ndi chaka, monga tomato wowolera m'mbali mwa msewu ku Lizulu ndi ku Bembeke nthawi yokolola pomwe masitolo akugulitsa tomato wa m'mabotolo wochokera kunja, likuonetsa kuti pali ntchito yomwe palibe akuigwira mokwanira. Nyuzipepala imangoloza malowo. Chotsatira ndi kupita kukacheza ndi alimi ndi ogula, kufunsa mitengo, kudziwa zomwe lamulo likufuna ndi kuyesa ndi ndalama zomwe munthu angapirire zitatayika.

Dzinja likubwerali lidzabweretsanso nkhani za misewu yoduka, ngalande zotsekeka ndi zinyalala zosawoledwa m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Pa nkhani iliyonse padzakhala gawo lofunika kulifunsa kwa khonsolo, ndi gawo lina lomwe mabanja ndi eni masitolo ali okonzeka kulipira wina kuti awachotsere. Wodziwa kulekanitsa magawo awiriwa ndiye angateteze mpamba wake.