Malata akamanjenjemera si bezi imeneyo

Yaleroyi ndi yaitaliko, amene bandulo yatsala pang'ono mudzawerenge mawa.

Sabata yatha ndagula masipika atsopano a kompyuta yanga yobenera nyimbo ija, tiwiri tating'ono ndi bokosi la bezi loika pansi, amene amati 2.1 aja. Ndalama yake ndi ya usipa wa mdima wonse, tulo osagona, ndiye sindinafune kubwereza za chaka chatha. Mukukumbuka ndinabwera ndi chinthu cholembedwa 2000W pakatoni, nonse munandiombera m'manja, mwezi usanathe chinayamba kulira ngati chidebe chong'ambika.

Vuto lathu ife timagula ndi maso ndi pachifuwa, khutu timalisiya kunyumba. Wogulitsa amaika bokosi pakona ya shopu, n'kutsegula amapiano voliyumu mpaka kumapeto, malata n'kumanjenjemera, ife basi dzanja m'thumba. Chonsecho pakona khoma limawonjezera bezi, ngakhale sipika yachabechabe imamveka ngati bingu. Pitani nayo pakhonde mukaimve.

Za mawatsi nazonso. Mukaona PMPO dziwani kuti ndi nambala yokopera anthu, yeniyeni ndi RMS, imabisala kumbuyo m'timalemba tating'ono. Anga atsopanowa ndi 30W RMS basi, koma akuposa 2000W uja kutali. Ndipo wina akakuuzani kuti sipika yotenga moto pa USB ya kompyuta ili ndi mawatsi mazana, musekeni. USB yakale ija imatulutsa 5 volts ndi theka la amp, ndiye kuti mawatsi awiri ndi theka. Enawo achokera kuti?

Mayesedwe anga ndinaonera kwa madala. Iwo injini ya boti saiyesa poikokera mpaka kumapeto ayi. Amailiza pang'onopang'ono, n'kupendeketsa mutu, amvekere "pulagi iyi yatopa." Inenso ndinapita ndi fulashi yanga, n'kupempha kuti, "Achimwene, tandichotserani bokosilo pakona, muike yangayi, voliyumu pakati." Nkhope inasintha, koma ndalama inali yanga.

Ndinaika rege ya Black Missionaries, nyimbo imene ndaimva kuyambira ndili ku pulayimale. Mu rege gitala ya bezi imayenda, imakwera, imatsika, imapuma. Sipika yabwino umatha kuitsatira n'kumaing'ung'udza. Yoipa zonse zimangokhala "buu buu", liwu limodzi ngati mwera ukuwomba m'botolo. Chingwe chachikulu cha gitala ya bezi chimatsika mpaka pafupifupi 41 Hz, pomwe khutu la munthu limalekezera cha pa 20 Hz. Tisipika tating'ono sitifikako kumeneko, n'chifukwa chake pali bokosi lapansi lija. Mwa atatu amene ndinayesa, awiri gitala ikatsika imangosowa, kenako n'kutulukiranso kutsogolo ngati mphipi.

Kenako ndinakweza pang'onopang'ono kufikira pomwe mawu a woimba anayamba kunjenjemera ng'oma ikagunda. Pamenepo ndiye pothera mphamvu ya sipika, kaya kabatani kakadali ndi malo. Ndinagwiranso bokosi kuti ndimve ngati likugwedera, n'kutchera khutu pa kabowo kotulutsa mpweya kaja. Kakamapemerera "fu fu" kuposa nyimbo, siyani.

Ndikudziwa Amfumu a Amapiano a pagulu pano anena kuti ine ndakalamba, bezi ndi yoti izigunda pamtima. Sindikukana, padansi zimafunika. Koma pa benchi yanga kasitomala amamvera nyimbo kaye asanalipire, ndipo akapanda kumva mawu amati fayilo ndi yowonongeka, n'kupita kwa wina.

Chimodzi chondidandaulitsa: batire ya sola ikatsika madzulo, bezi imayamba kukhosomola, ndiye amene muli pa sola musafulumire kunyoza sipika. Loweruka maboti akabwerako bwerani ndi mafulashi anu tidzayesere limodzi. Madala aletsa kuliza masana, akuti akufuna kugona.