Roboti si dokotala, abambo inu

Tsiku lina mu minibasi yochokera ku Limbe, mnyamata wina wa geni ya ku Joni amatiuza kuti kumeneko madokotala adapuma, opaleshoni ya khansa ya abambo ikuchitidwa ndi maroboti. Mayi wina adafunsa ngati ndi maroboti omwe aja a pamsewu. Tidaseka ndithu, koma mnyamatayo theka amanena zoona, theka amatinamiza.

Makinawo alipodi. Dzina lake ndi da Vinci, ndipo amapangidwa ndi kampani ya Intuitive Surgical ya ku California. Opaleshoni yoyamba yochotsa prostate ndi makinawa idachitika ku Frankfurt mu 2000, ndipo ku Pretoria adafika mu 2013. Prostate ndi kachiwalo ka abambo kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo, njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Dokotala amaboola timabowo pamimba, nkulowetsa kamera ndi timikono tachitsulo, iye nkukhala chapambali, zala zake zikuyendetsa zonse. Akachotsa manja, makinanso amaima. Ndi mpeni wodula basi, ndipo ndikati wodula ndikunena zonse ziwiri: amodzi mtengo wake umaposa madola 1 miliyoni.

Ubwino ulipo, sindikukana. Pa kafukufuku wa ku Brisbane amene adatuluka mu 2016, odwala ochitidwa ndi makina adataya magazi ochepa, natuluka msanga m'chipatala. Koma pa zija abambo timaopa kwambiri, kudontha mkodzo ndi kugwa mu mpapaya, panalibe kusiyana kwenikweni ndi amene adang'ambidwa pamimba mwa kale. Ndiye musanagulitse puloti kuti muthamangire ku India, funsani kuti dokotalayo wachitapo opaleshoni zingati, osangofunsa za makina ayi.

Chimene chikundivuta ine ndi china. Opaleshoni imeneyi ndi ya khansa imene ikadali m'kati mwa prostate, ndipo pa nthawi imeneyo kawirikawiri munthu samva kupweteka paliponse. Ikafika m'mafupa, ngakhale mutabweretsa maroboti khumi, palibe chodula. Ife timayamba tapirira, kenaka kwa sing'anga, kuchipatala nkumafika msana utakana kale. Chonsecho poyambira pake ndi kuyezetsa magazi kotchedwa PSA, mwinanso dokotala kupima ndi chala chakumbuyoku. Chala chimenechi ndiye chathawitsa madoda ambiri, ati ulemu utha. Ulemu wanji woti mudzanyamulidwe pa wilibala?

Matendawa amatikonda anthu akuda: ku Britain amawerengera kuti mwamuna wakuda mmodzi mwa anayi adzawadwala. Malemu Desmond Tutu atawapeza nawo mu 1997 sadabise, adalankhula poyera, ndipo adakhala ndi moyo mpaka 2021.

Bambo anga aang'ono ali ndi zaka 58, ndipo usiku amadzuka kanayi kukataya madzi. Mwina ndi ukalamba chabe, poti prostate imakulanso popanda khansa. Ndawauza kawiri konse za PSA. Ati adzapita akakolola.