Wodwala Mtima Timamlira, Wodwala Maganizo Timamseka

Pa 12 April 2016 timu ya kiriketi ya Nottinghamshire, ku England, inalengeza kuti mmodzi wa anyamata ake, James Taylor, waleka kusewera. Anali ndi zaka 26 cabe, ndipo mu January caka comweco anali ku South Africa kusewerera dziko lake. Masiku ocepa asanalengeze, ali ku Cambridge kukonzekera nyengo yatsopano ya masewera, mtima wake unayamba kugunda mothamanga koopsa. Madotolo anapeza matenda ochedwa ARVC, amene amaononga minofu ya mtima ndipo angathe kupha munthu mwadzidzidzi akamagwiritsa nchito thupi mwamphamvu. Anamuika kacipangizo m'cifuwa kobwezera mtima m'malo mwake ukasokonezeka. Anthu a ku England anammvera cisoni onse, ndipo palibe anamuti wamantha kapena waulesi.

Owerenga athu akudziwa ululu wotere, pakuti mu October 2022 mwana wathu Enock Mwepu analeka mpira ku Brighton ali ndi zaka 24, naye cifukwa ca mtima. Tinalira naye, tinampempherera, ndipo sitinamfunse kuti abweretse umboni. Koma nkhani imene nyuzipepala ino ifuna kuunika lero ndi ya ena amene amatula pansi masewera omwewa thupi lawo lili lamphamvu, mtima ukugunda bwino, koma maganizo atadwala. Awa salandiridwa monga analandiridwira Taylor ndi Mwepu.

Kwa amene sadziwa masewerawa, tifotokoze pang'ono. Ku England ndi Wales kuli matimu 18 a zigawo, ndipo m'menemo ndimo amasankha osewerera dziko. Masewera amodzi a zigawo amatenga masiku anai, a dziko ndi dziko masiku asanu. Nyengo imayamba mu April mpaka September, ndipo ikatha, osewerera dziko amakwera ndeke kupita ku India, Australia kapena West Indies kwa miyezi iwiri kapena itatu, akugona m'mahotela, kutali ndi akazi ndi ana. Womenya mpira akalakwitsa kamodzi kokha amaturuka, nakhala pansi maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu, akulingalira colakwa cake, pamene ziwerengero zake zalembedwa poyera kuti aliyense aziwerenge. Munthu amene ali kale ndi nkhawa, moyo wotere umamudya pang'ono-pang'ono monga ciswe cidyera mzati wa nyumba.

Marcus Trescothick wa timu ya Somerset anali mmodzi wa omenya mpira amphamvu kwambiri amene England inakhala nawo, ndipo anathandiza kugonjetsa Australia mu 2005. Mu February 2006 ali ku India anabwerera kwao mwadzidzidzi. Poyamba kunanenedwa kuti ndi nkhani za pabanja, pambuyo pake iye mwini anati anagwidwa ndi kacirombo ka matenda. Zoona zake zinali zakuti sanali kugona, anali kunjenjemera ndi kulira m'cipinda ca hotela, ali ndi mantha osadziwika kumene acokera. Mu November caka comweco anabwereranso kucoka ku Australia. Mu March 2008 anafika pa bwalo la ndeke la Heathrow kuti apite ndi Somerset ku Dubai, koma analephera kukwera ndeke, ndipo mwezi womwewo analeka kusewerera dziko ali ndi zaka 32. Zonsezi anaziulula m'buku lake la Coming Back to Me limene linaturuka mu 2008.

Cimene citikhudza kwambiri pa nkhani iyi ndi bodza la kacirombo lija. Munthu wamkulu, wochuka, wolipidwa bwino, anaona kuti ndi kwapafupi kunama kuti wadwala m'thupi koposa kunena kuti wadwala maganizo. Sitimuweruza, cifukwa anali kudziwa anthu amene anali kulankhula nawo. Mu 2011 Michael Yardy wa Sussex atacoka pa mpikisano wa World Cup cifukwa ca matenda omwewa, Geoffrey Boycott, katswiri wakale, analankhula pa wailesi mosonyeza kuti bvuto la mnyamatayo linali kusasewera bwino. Mu November 2013 Jonathan Trott wa Warwickshire anacoka ku Australia atasewera masewera oyamba okha ku Brisbane, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake, Trott atafotokoza kuti anali atatheratu mphamvu, Michael Vaughan, amene kale anali kaputeni wa England, analemba kuti anadzimva ngati wapusitsidwa. Ngati akulu-akulu a masewera alankhula motere za anthu ochuka, nanga mnyamata wa timu ya cigawo amene pangano lake la nchito ndi la caka cimodzi, ndipo pambuyo pake pali anyamata atatu akudikira malo ake, adzatsegula bwanji pakamwa?

Tidziwa zimene ena adzanena, ndipo si zopusa ai. Adzati mtima umaoneka pa makina, koma nkhawa ndani angaiyese? Kodi sitidzatsegulira khomo aulesi ndi amantha, kuti aliyense akaona zinthu zabvuta azingoti ndadwala maganizo? Yankho lathu ndi lakuti tione cimene munthu ataya. Waulesi amafuna malipiro popanda nchito. Trescothick anataya malipiro a dziko, ulemu ndi malo amene anawagwirira nchito kuyambira ubwana, koma anapitiriza kusewerera Somerset mpaka 2019 ali ndi zaka 43. Sarah Taylor wa Sussex, amene ambiri amati analibe mnzake pa nchito yogwira mpira kumbuyo kwa womenya, analeka kusewerera England mu 2019 ali ndi zaka 30 cifukwa ca nkhawa, dziko likumfunabe. Anthu othawa nchito sacita motere.

Mau akuti mwamuna salira, ndiponso akuti mutu ukakula sulewa nkhonya, tinakula nawo ndipo ali ndi malo ake. Koma taona kuti kawiri-kawiri amanenedwa ndi munthu amene sakumenyedwa nkhonyazo. Malembo Oyera sanabise kufooka kwa amuna ake. Mneneri Eliya, atangopambana pa phiri la Karimeli, anathawira ku cipululu nakhala pansi pa kamtengo ndi kupempha kuti afe. Mulungu sanamdzudzule. Anamsiya agone, namtumizira cakudya ndi madzi kawiri, ndipo pambuyo pake anamuuza kuti adzoze Elisa kuti adzalowe m'malo mwake. Ngakhale Papa Benedikito XVI mu February 2013 anatula pansi udindo ponena poyera kuti mphamvu zake za thupi ndi za maganizo sizinali kukwaniranso nchitoyo. Ena anadandaula, koma Mpingo sunagwe.

Tisaganize kuti matenda awa ndi ongotopetsa cabe. Amapha. Graham Thorpe wa timu ya Surrey, amene anasewerera England masewera 100 a masiku asanu, anamwalira pa 4 August 2024 ali ndi zaka 55, ndipo mkazi wake anauza dziko kuti anadzipha atabvutika zaka zingapo ndi nkhawa ndi kukhumudwa kwakukulu. Banja lake linasankha kusabisa. Kale Mpingo unali kukaniza maliro a pa chalichi kwa odzipha, koma malamulo ake a 1983 sanena zimenezi, ndipo Katekisimu imaphunzitsa kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo kungacepetse mlandu wa munthuyo. Ndi bwino kuti tinafika pamenepa, koma cifundo ca pa manda cimabwera mocedwa. Cimene munthu afuna ndi kumvedwa pa tsiku limene akuti sindingathenso, adakali moyo.

Osewera a ku England ali ndi bungwe lawo, Professional Cricketers' Association, limene linayamba mu 1967, ndipo lili ndi foni yacinsinsi imene wosewera angaimbe akabvutika, komanso limathandiza oleka masewera kuphunzira nchito zina. Kuno kwathu lamulo la Mental Health Act la 2019 linacotsa lamulo lakale la atsamunda limene linali kuchula odwala ndi maina acipongwe. Lamulo linasintha, koma pakamwa pathu dzina la Chainama likali mau otukwanira munthu. Tipempha olemba anthu nchito, atsogoleri a makalabu a masewera, ndiponso ife amene timatsogolera mapemphero m'Mipingo Ing'ono-ing'ono, kuti mphunzitsi, namwino kapena wosewera mpira akati afuna kupuma cifukwa maganizo amlemera, tisayambe ndi kumfunsa kuti wacimwa ciani kapena wamlodza ndani. Timpempherere, inde, ndipo tikatha kupemphera timperekeze kwa dotolo, osamuuza kuti aleke mankhwala.

Amuna amene tawachulawa sanathere pomwepo. James Taylor anakhala mmodzi wa osankha timu ya England mu 2018. Trott anatenga uphunzitsi wa timu ya Afghanistan mu 2022, ndipo mu 2024 anaifikitsa mu ndime yaciwiri kwa yomaliza ya mpikisano wa T20 World Cup, malo amene timuyo inali isanafikepo. Trescothick, uja analephera kukwera ndeke pa Heathrow, anakhala mphunzitsi wa omenya mpira a England, ndipo cakumapeto kwa 2024 ndiye anatsogolera timuyo pa ulendo wa ku West Indies.