Magemu a pa kaseti yachikasu: anapanga ndani?

Sabata yatha mlamu wanga anabwera kunyumba ku Chilenje atanyamula kaseti yakale ya TV game. Ati mnyamata wina pa Facebook afuna K800, chifukwa ni "original ya Nintendo, kuchoka ku Japan". Pa sitika panali Mario, Sonic na Mortal Kombat, onse pamodzi, pamwamba alembapo 9999999 in 1. Ninamuuza kuti mlamu, bwezani kasetiyo, ndalama mugulire ana unga.

Ngati munakulira mu Lusaka zaka za m'ma 1990, mukaziba kamashini kaja kamene tinali kulumikiza kumbuyo kwa TV, adaputa ikupya monga mbaula. Tinali kukatchula Nintendo, koma tambiri tinali tokopera chabe. Mashini yeniyeni inali Famicom, imene Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, ndipo ku America inafika mu 1985 na dzina lakuti NES. Zathu zija zinali kuchoka ku Taiwan na ku China, popanda chilolezo.

Manje apa m'pamene ambiri timasokoneza: si gemu iliyonse ya pa mashini ya Nintendo inali ya Nintendo. Yawo inali Super Mario Bros. ya 1985, Duck Hunt ya galu woseka uja na Excitebike ya njinga zamoto, zonse ziwiri za 1984. Contra, imene inatidyetsa makofi kunyumba chifukwa chokana kukagona, ni ya Konami, pa Famicom inatuluka mu 1988. Road Fighter nayo ni ya Konami. Gemu ya matanki yoteteza chiwombankhanga dzina lake ni Battle City, ya Namco, 1985. Ngati yanu inali kulemba Tank 1990, ziwani kuti inali yosinthidwa ku China. Pac-Man, Galaxian na Mappy nazo ni za Namco. Bomberman na Adventure Island, ya kamwamuna kothamanga kakudya nthochi, ni za Hudson Soft, kampani imene inamezedwa na Konami mu 2012.

Nanga mungazibe bwanji? Choyamba, yatsani gemu, musathamangire kudina Start. Pansi pa dzina payenera kukhala chaka na dzina la kampani. Okopera ambiri anali kufufuta mzere umenewu, kusiya malo akuda, kapena kuikapo chaka chabodza. N'chifukwa chake tinakula tikuziba Contra koma Konami osaimvapo. Samalaninso, wopanga gemu na woitulutsa pa kaseti nthawi zina ni awiri osiyana. Lode Runner inayambira ku Broderbund ya ku America, koma pa Famicom anaitulutsa ni a Hudson Soft mu 1984.

Chachiwiri, onani kaseti. Ya Famicom ni yaifupi, ili na mano 60. Ya NES ni yaikulu, yotuwa, ili na mano 72, ndipo yovomerezeka imakhala na chidindo cha Nintendo pa sitika. Magemu a Nintendo mwiniwake a ku Japan ali na nambala yoyamba na HVC. Sitika ikakhala yopanda dzina la kampani, chithunzi chikuoneka monga chojambulidwa pa fotokope, yankho mwalipeza kale.

Chachitatu, funsani ngati gemuyo inakhalapo pa mashini imeneyi. Sonic ni wa Sega, amene panthawiyo anali mdani wamkulu wa Nintendo pa malonda. Street Fighter II ya Capcom na Mortal Kombat ya Midway sizinatuluke pa Famicom mwalamulo. Zimene tinali kumenya zija zinali zomangamanga za okopera. Ndipo kaseti yolonjeza magemu mamiliyoni inali na magemu owerengeka chabe, obwerezedwa na maina ena.

Palinso nkhani ya Tetris. Kampani ya Tengen inatulutsa yake pa NES mu 1989, koma khoti ku America linaletsa kuigulitsa chifukwa ufulu wa pa mashini za kunyumba unali wa Nintendo. Makaseti enieni a Tengen ni osowa ndipo osonkhanitsa amawafuna. Koma gemu yomweyo inadzaza pa makaseti okopera, so kuipeza pa kaseti yachikasu sikutanthauza kuti mwalemera.

Sinikunena kuti mutaye kamashini kanu. Ngati kakali kusewenza, kayatseni Loweruka, muonetse ana m'mene tinali kupulizira kaseti ikakana. Chimene nikukana ni kulipira mtengo wa original pa chinthu chokopera. Wogulitsa akati ni chenicheni, muuzeni ayatse pamaso panu, muwerenge mzere wa pansi uja.

Mlamu anabweza kaseti. Mnyamata uja anatsitsa mtengo mpaka K50, ati "bosi tengani chabe". Pa mtengo umenewo anaigula, ndipo Lamlungu lonse tinali pa matanki mpaka magetsi anapita.