Kalata ya Mwana ku Nyumba ya Wailesi

Mwambo wopempha nyimbo pa wailesi unayamba dziko lino lisanalandire ufulu. Wailesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya itafika m'chaka cha 1949, anthu a m'Nyasaland ankamvera Chinyanja chochokera ku Lusaka, kumene pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa inkalandira makalata ankhaninkhani. MBC itakhazikitsidwa mu 1964 mwambowu unapitirira, ndipo ana nawonso ankalemba makalata opempha nyimbo ndi kupereka moni kwa makolo, aphunzitsi ndi anzawo.

Kalata yotere inali phunziro payokha. Mwana ankasamala kalembedwe, ankaphunzira kulemba keyala, namadikira masabata angapo kuti amve dzina lake ndi la mudzi wake. Likatchulidwa, sukulu yonse inkakamba zomwezo m'mawa mwake.

Koma mwayi umenewu sunafike kwa mwana aliyense. M'zaka za m'ma 1970 minda ikuluikulu ya fodya inachuluka m'boma la Kasungu, ndipo mabanja ambiri anadzakhala matenanti m'maesiteti. Tenanti ankalandira ndalama kamodzi pa chaka, fodya atagulitsidwa. Mwana wake ankathyola ndi kusoka fodya anzake ali m'kalasi. Sitampa analibe, positi ofesi inali kutali, ndipo mabatire ankasungidwira nkhani za madzulo. Vuto la mabatire linakhalitsa m'midzi ya m'bomali. William Kamkwamba wa ku Wimbe anayamba luso lake pokonza mawailesi, ndipo magetsi oyendera mphepo amene anapanga ali mnyamata ankayatsa nyali ndi kuliza wailesi pakhomo pa makolo ake.

Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, nyumba zoulutsa mawu zinachuluka. MBC inatsegula Radio 2 mu 1997, ndipo Zodiak inayamba mu 2005. Lero nyimbo imapemphedwa pa foni, yankho nkumveka nthawi yomweyo. Komabe foniyo ndi ya kholo, ndipo mayunitsi amafuna ndalama monga inkafunira sitampa. Mwana amene ankasowa sitampa kale, mdzukulu wake ndiye akusowa foni lero.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nyumba za wailesi ziyenera kufika m'sukulu zoyandikana ndi maesiteti kukajambula mawu a ana, ndipo aphunzitsi asonkhanitse zopempha za kalasi yonse nkuzitumiza pamodzi, kuti dzina la mwana wa tenanti nalonso limveke pa wailesi.